Kuima pa Bwato M'nyengo ya Chisanu

Mawu amene anakambidwa pa msonkhano wa chitukuko wa anthu a m'wodi, poyandikira tsiku la dziko lonse lopewa ngozi zomira m'madzi.



Boma la Kasungu limadziwika ndi fodya, chimanga, mtedza ndi soya. Silidziwika ndi nyanja. Mwana wobadwira kwa Santhe, kwa Chulu kapena kwa Kaluluma atha kukula mpaka kumera imvi asanaonepo funde lotalika kuposa munthu. N'chifukwa chake nkhani ya ngozi za pamadzi ikatchulidwa pa msonkhano, ambiri amaiona ngati ya anthu a ku Nkhotakota, ku Salima kapena ku Mangochi. Komatu maliro a munthu womira si achilendo m'midzi ya kuno, ndipo sachitika m'dzinja mokha pamene mitsinje yasefukira. Amachitikanso mu Juni ndi mu Julayi, pamene madzi aphwera, ayera, ndipo akuoneka ofatsa. Nkhani ya lero ndi ya madzi ofatsawo: chimene amachita kwa munthu amene waima pa bwato m'mawa wa chisanu, phazi n'kumuterereka.

Kumene anthu a ku Kasungu amakumana ndi madzi

Ngakhale boma lino lilibe gombe, madzi ndi ambiri. Mtsinje wa Bua umadutsa chakummwera ndi kummawa, utalandira madzi a Rusa, n'kukathira m'nyanja ku Nkhotakota. Dwangwa amayambira m'nkhalango ya Kasungu n'kutsikira kunyanja kumene kuli minda ya nzimbe. Damu la Chitete limamwetsa tauni ya Kasungu. M'nkhalango muli damu la Lifupa, mokhala mvuu. Kuonjezera apo pali madamu a m'maesiteti a fodya, madamu a ulimi wothirira, maiwe a nsomba, zitsime za m'madimba, ndi maenje otsala pamene anthu anaumba njerwa.

Miyezi ya chisanu ndi imene anthu amayandikira kwambiri madzi amenewa. Ntchito ya kumunda yatha, fodya ali ku msika wa Chinkhoma, ndipo manja amene anali otanganidwa m'zigafa tsopano akufuna china chochita. Ena amatsikira kumadimba, ena amatchera maukonde m'madamu kufuna matemba ndi milamba. Anyamata amakwera bwato, ena chubu cha galimoto, ana n'kumayeserera pa thunthu la nthochi. Pa madooko a Bua anthu amaoloka ndi njinga, matumba a chimanga ndi mbuzi, wowaolotsa ataimirira kumbuyo kwa bwato ndi nsungwi yaitali. Chisanu chikamatha, nazale za fodya zimayamba m'mphepete mwa madamu, ndipo ana amatumidwa kukatunga madzi ndi makeni.

Palinso ena amene amatenga ndalama ya fodya n'kulowera msewu wa M18, wodutsa m'nkhalango ya Nkhotakota, kukapikula usipa ku gombe. Ena mwa iwo amalembedwa ganyu yopalasa kapena yokoka ukonde usiku. Amafika kunyanja pa nthawi imene mphepo ya Mwera yafika pachimake, asakudziwa kusambira, asakudziwanso kuwerenga mitambo. Mwana wa kugombe anaphunzira madzi akukwawa. Mwana wa kumtunda amakaphunzira tsiku limene bwato lagubuduzika.

Masewero a kutali amene ali ndi phunziro

M'maiko a kunja muli masewero otchedwa stand-up paddleboarding. Munthu amaimirira pa thabwa loyandama, lotalika pafupifupi mamita atatu, n'kumapalasa ndi nkhafi imodzi yaitali. Masewerowa anakulira ku zilumba za Hawaii, kumene aphunzitsi a masewero a pamafunde a ku Waikiki ankaimirira pa matabwa awo kuti aziona bwino ophunzira. Kuyambira zaka zoyambirira za m'ma 2000 anafalikira dziko lonse, ndipo lero matabwa ambiri ndi opopa mpweya, oti munthu atha kupinda n'kunyamula m'chikwama. Kuno kwathu amaoneka ku malo ogona alendo a m'mphepete mwa nyanja, monga ku Cape Maclear.

Wina atha kufunsa kuti masewero a alendo akukhudza bwanji mlimi wa kwa Wimbe. Yankho ndi lakuti kupalasa choimirira sikunayambe ku Hawaii kokha. Msodzi wa ku nyanja ya Chilwa, wa ku madambo a Elephant Marsh ku Chigwa cha Shire, ndi woolotsa anthu pa Bua, onse akhala akuchita zomwezo kuyambira makolo, osati posewera koma pofuna ndiwo ndi ndalama. Thupi la woima pa thabwa ndi la woima pa bwato ndi limodzi. Onse awiri aima pa chinthu chopapatiza chimene chikugwedezeka, ndipo pakati pa iwo ndi madzi pali phazi limodzi lokha.

Kusiyana kwake n'kwakuti m'maiko ngati Britain, kumene anthu amachita masewerowa panyanja yamchere ngakhale m'chisanu choopsa, ngozi ikachitika imafufuzidwa, zotsatira zake n'kulembedwa. Madokotala ayeza chimene madzi ozizira amachita m'thupi mphindi ndi mphindi. Bungwe lopulumutsa anthu panyanja la RNLI lasonkhanitsa malangizo ochokera pa zimene laona. Nzeru zimenezi zinagulidwa ndi miyoyo ya anthu, koma kuzitenga n'kwaulere. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chimene kuzizira kumachita m'thupi

Chinthu choyamba chimene ofufuza anapeza n'chakuti madzi ozizira sadikira kuti munthu atope. Amamugwira m'mphindi yoyamba. Khungu likakhudza madzi ozizira mwadzidzidzi, munthu amakoka mpweya mwamphamvu asanafune, monga amachitira mwana akathiridwa madzi a mumtsuko m'mawa. Ngati pa nthawiyo mutu uli pansi pa madzi, chimene wakokacho si mpweya koma madzi. Kenaka kupuma kumathamanga, mtima umagunda kwambiri, ndipo mantha amamuuza kuti aphiriphithe manja ndi miyendo. Ambiri amamira pamenepa, gombe likuoneka, ngakhale odziwa kusambira.

Akapulumuka mphindi zoyambazo, kuzizira kumalowa m'minofu. Zala zimauma, sizithanso kugwira chingwe kapena m'mphepete mwa bwato. Manja amalemera, miyendo imatsikira pansi. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kuwirikiza pafupifupi 25 kuposa mpweya. Thupi la munthu wabwinobwino limatentha madigiri 37, ndipo likatsika kupitirira madigiri 35 munthu amayamba kusokonezeka maganizo, kulankhula mosamveka ndi kuodzera.

Ku Ulaya amati madzi oopsa kwambiri ndi osafika madigiri 15. Madzi a kuno sazizira ngati a kumeneko, koma zimenezi zisapusitse munthu. Kasungu ali pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene nyanja ya Malawi ili pa mamita osafika 500, ndipo aliyense amene anapitapo kudambo mbandakucha mu Julayi akudziwa mmene kumazizirira. Damu laling'ono limazizira usiku wonse. Munthu amene walowamo amakhala atavala juzi, jekete lolemera ndi nsapato za jombo chifukwa cha chisanu chomwecho, ndipo zovalazo zikamwa madzi zimamanga manja ndi miyendo. Ngakhale panyanja, pamene madzi ndi ofundirako, msodzi amene wakhala maola angapo usiku atakangamira bwato logubuduzika, mphepo ikumuomba, amatha mphamvu mpaka kulitaya.

Mowa umaonjezera vutoli. Pali chikhulupiriro chakuti kachasu kapena mowa wa m'masacheti umafunditsa thupi. Chimene umachita n'kutsegula mitsempha ya pakhungu, munthu n'kumamva kutentha pamene kutentha kwenikweni kukutuluka. Umachotsanso kukhazikika kwa miyendo, chinthu chokhacho chimene woima pa bwato amadalira. Nyengo ya msika wa fodya ndi nyengo imene ndalama ili m'thumba ndipo mowa uli paliponse. Bwato ndi botolo siziyendera limodzi.

Mphepo ya Mwera

Phunziro lachiwiri ndi la mphepo. Ochita masewero a thabwa anazindikira kuti munthu woimirira amasanduka thanga. Mphepo imakankha thupi lake, thupi n'kukankha thabwa, ndipo ngakhale apalase bwanji amangopita kumene mphepo ikufuna. Ambiri amene amapulumutsidwa pa magombe a ku Britain amakhala kuti atengedwa ndi mphepo yochokera kumtunda, imene pagombe imaoneka yofatsa chifukwa cha mitengo ndi mapiri, koma kutsogolo n'kukhala yamphamvu. Langizo lawo ndi lakuti mphepo ikakula munthu agwade kapena akhale pansi, ndipo ikapitirira agone chafufumimba n'kumapalasa ndi manja. Msodzi wa pa damu sakusowa sukulu kuti amvetse zimenezi: mphepo ikayamba, woimirira akhale pansi.

Pa nyanja ya Malawi mphepo ya nyengo ino ndi Mwera, wochokera kummwera chakummawa, amene amaomba kuyambira cha mu Meyi mpaka cha mu Ogasiti ndi Sepitembala. Nyanjayi ndi yaitali makilomita oposa 550, ndipo yagona motsata njira ya mphepoyo. Motero Mwera amapeza mtunda wautali wokankha madzi popanda chomutchinga, mafunde n'kumakula pamene akupita kumpoto. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Vipya, yachitsulo ndiponso yatsopano, inagubuduzika ndi mphepo yamkuntho kumpoto kwa nyanja, ndipo anthu 145 anataya miyoyo. Ngati madzi a mu Julayi anameza sitima, bwato la mtengo umodzi lingalimbe bwanji?

Nthambi ya boma yoona za kusintha kwa nyengo ndi zanyengo imalengeza pa wailesi pamene Mwera akuyembekezeka kukula. Asodzi enieni amamva uthengawo n'kukokera mabwato kumtunda. Amene amauphonya kawirikawiri ndi mlendo, amene wabwera ndi ndalama yowerengeka ndipo akuona kuti tsiku lililonse logona pagombe likumudyera mpamba. Iyeyo ndi amene amavomera kukwera bwato la munthu wosasamala. Wachinyamata wa kuno akamapita kunyanja, apite ndi mawu awa: akafunse kwa a komiti ya pagombe, akamvere eni nyanja akati lero sikupitika. Safunsa anadya phula.

Potayira madzi a damu

Phunziro lachitatu likukhudza Kasungu kuposa onse. Pa 30 Okutobala 2021, mu tauni ya Haverfordwest ku Wales, gulu la anthu 9 linanyamuka pa matabwa awo kutsika mtsinje wa Cleddau, mvula itagwa yambiri. Pakati pa tauniyo pali khoma lalifupi lotchinga mtsinje, lofanana ndi makoma a simenti amene amamangidwa pa madamu ndi pa masikimu a ulimi wothirira. Anthu anayi anataya miyoyo pa ngozi ya pa khomalo. Ofufuza ngozi za pamadzi a dzikolo anapeza kuti ulendowo sunakonzedwe bwino, ndipo okwerawo sanachenjezedwe za khomalo. Mu 2025 khoti linagamula kuti amene anakonza ulendowo akakhale kundende zaka khumi ndi theka.

Khoma lotere limaoneka losaopsa chifukwa ndi lalifupi. Koma madzi akagwa kuchokera pamwamba pake amalowa pansi, n'kubwerera chakumbuyo, n'kumazungulira pamalo amodzi. Chilichonse chogwera pamenepo chimamizidwa, chimatumphuka, chimakokedwanso kukhoma, n'kumizidwanso. Madziwo amakhalanso odzaza thovu, moti sanyamula thupi monga madzi odekha. Pamenepa ndi pamene ana amakonda kuwedza, chifukwa nsomba zimasonkhanapo, ndipo ndi pamene anthu amadutsa poyenda pamwamba pa khoma loterera ndi ndere pofuna kudula njira. Pamalo otere sipoyenera bwato, sipoyenera kusamba, sipoyeneranso kuolokerapo.

Ngozi ya ku Wales inaphunzitsanso za chingwe. Ochita masewerowa amamanga chingwe kumwendo kuti thabwa lisawathawe akagwa, ndipo pa madzi odekha chimathandiza. Koma pa madzi othamanga chingwe chikakodwa pa mwala kapena pa mtengo chimagwira munthu pansi, iye osatha kufikira mwendo wake kuti amasule. Msodzi wa kuno ali ndi chingwe chake choopsa, ndicho ukonde. Woponya ukonde ataimirira aonetsetse kuti suli kuzungulira mapazi ake, asamange chingwe cha ukonde m'chiuno kapena padzanja, ndipo akhale ndi mpeni pamalo pofikirika.

Nkhani ya chilango cha wokonza ulendo uja ilinso ndi uthenga kwa eni mabwato. Wolandira ndalama kuti aolotse anthu wasenza miyoyo yawo. Mu Epulo 2023 bwato lonyamula anthu opita kumaliro linagubuduzika pa mtsinje wa Rusa m'boma la Mchinji, ndipo anthu angapo anamira. Rusa yemweyo ndi amene amafika kuno. Bwato likadzaza mpaka madzi kutsala pang'ono kufika m'mphepete, munthu mmodzi akangoimirira kapena kusuntha, onse amapita. Kuoloka maulendo awiri kumachedwetsa mwambo ndi mphindi zochepa. Kuoloka ulendo umodzi wodzaza kutha kusandutsa maliro amodzi kukhala asanu.

Munthu akagwera m'madzi

Langizo lalikulu la opulumutsa anthu ndi losavuta kunena koma lofuna kuliphunzira pasadakhale. Wogwera m'madzi asayambe ndi kusambira. Agone chagada, makutu ali m'madzi, nkhope ikuyang'ana kumwamba, atambasule manja ndi miyendo, n'kudikira kuti kupuma kubwerere m'malo. Zimatenga mphindi imodzi kapena ziwiri. Mpweya ukakhazikika, ndi pamene angakuwe kapena kuona kolowera. Ngati bwato lagubuduzika koma likuyandama, alikangamire ndipo akweze chifuwa pamwamba pake momwe angathere. Bwato limaoneka patali kuposa mutu wa munthu, ndipo gombe nthawi zonse limakhala kutali kuposa mmene maso akunenera.

Amene ali kumtunda asadumphiremo. Nthawi zambiri madzi amatenga anthu awiri chifukwa wachiwiri anatsata woyamba, ndipo womira amagwira chilichonse ndi mphamvu zoopsa, ngakhale khosi la mbale wake. Chofunika ndi kukuwa kuti anthu abwere, kenaka kumupatsira nsungwi, nthambi kapena chitenje, wopulumutsayo atagona pansi kuti asakokedwe. Ngati ali patali, amuponyere chigubu chopanda kanthu chotsekedwa bwino, chomangidwa chingwe. Chigubu cha malita 20 chimatha kunyamula kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 20 pamadzi, ndipo zimenezo n'zokwanira kusunga mutu wa munthu wamkulu pamwamba. Palibe mudzi m'boma lino umene ulibe chigubu, chingwe ndi nsungwi.

Akatulutsidwa, mphindi iliyonse ndi ya mtengo wapatali. Ngati sakupuma, agonekedwe chagada, auziridwe mpweya m'kamwa, ndipo apsinjidwe pakati pa chifuwa mobwerezabwereza mpaka ayambe kupuma kapena thandizo lifike. Nthawi isatayike pomuzondotsa kapena kumuponda pamimba kuti asanze madzi. Chimene ubongo wake ukusowa ndi mpweya. Anthu asaope kumugwira poganiza kuti ayenera kudikira kaye apolisi, pakuti wooneka ngati wafa atha kukhala kuti akadali moyo. Ngati akupuma, agonekedwe chammbali, avulidwe zonyowa, afunditsidwe bulangete mpaka kumutu, ndipo atchingidwe ku mphepo. Asapatsidwe mowa, asatikitidwe manja ndi miyendo, asayandikizidwe kwambiri pamoto. Akatsitsimuka bwino atha kumwa tiyi wa shuga. Ngakhale aoneke kuti wachira, apite naye kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ku chipatala chachikulu cha Kasungu, ku St Andrew's ku Mtunthama, ku Nkhamenya kapena ku chipatala chaching'ono chapafupi, chifukwa madzi olowa m'mapapo amatha kudzabweretsa vuto patapita maola.

Ntchito ya wodi

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi aliwonse anali mwana wosafika zaka zisanu. Poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, chigawo cha Africa ndicho chimataya ambiri. Mu Epulo 2021 msonkhano waukulu wa United Nations unakhazikitsa 25 Julayi kukhala tsiku la dziko lonse lopewa ngozi zomira. Kwa anthu a kumpoto kwa dziko lapansi tsikuli limagwa m'chilimwe, pamene ana akusamba m'nyanja. Kuno limagwa pakati penipeni pa chisanu ndi Mwera, sukulu zikutsekera, ana ali pafupi kukhala pakhomo masabata angapo. Ndi tsiku loyenera kuti wodi iliyonse iunike madzi ake.

Ntchito yoyamba ndi yowerenga. Komiti iliyonse ya VDC ilembe malo onse a madzi a m'dera lake: damu, dziwe, dooko, chitsime chosatseka ndi dzenje la njerwa. Ifunse akuluakulu a m'mudzi kuti pamalo ati panamirapo munthu, mwezi uti, akuchita chiyani. Kaundula ameneyu apite ku ADC ndi kwa khansala, kuti mapulani a chitukuko akamalembedwa nkhaniyi ikhale ndi maina a malo, osati mawu chabe.

Ntchito yachiwiri ndi yotheka ndi manja. Pa damu ndi pa dooko lililonse pazikidwe mtengo wopachikapo chigubu chotsekedwa, chingwe chachitali ndi nsungwi, ndipo mfumu ilengeze kuti wochotsa zimenezi walakwira mudzi wonse. Zitsime za m'madimba zitchingidwe kapena kuvundikiridwa. Woumba njerwa akwirire dzenje lake mvula isanabwere. Potayira madzi a damu paikidwe chikwangwani cha m'Chichewa, chokhala ndi chithunzi kuti ndi mwana yemwe amve. Eni maesiteti amene ali ndi madamu aitanidwe ku zokambiranazi, pakuti ana amene amasewera pa madamuwo ndi a antchito awo ndi a midzi yoyandikana nawo.

Ntchito yachitatu ndi ya malamulo. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 limapatsa khonsolo mphamvu yopanga malamulo a m'dera, ndipo mafumu ali ndi mphamvu yawo pa mudzi. Bwato lililonse loolotsa anthu likhale ndi chiwerengero chodziwika cha okwera, cholembedwa ndi penti pa bwato lomwelo. Pasakhale kuolotsa usiku, pasakhale kuolotsa woledzera ataimirira, ndipo wopalasa woledzera alandidwe nkhafi. Majekete oyandamitsa ndi okwera mtengo kwa munthu mmodzi, koma gulu la asodzi, kalabu ya alimi kapena banki ya m'mudzi itha kugula ochepa oti azibwerekana. Jekete lotere ligwire bwino thupi ndi kumangidwa, chifukwa losiyidwa pansi pa bwato silinapulumutsepo munthu.

Ntchito yachinayi ndi ya ana ndi odwala. Mwana wamng'ono amamira mwakachetechete, m'madzi ofika m'mawondo a munthu wamkulu, mayi ake atangotembenuka kuthirira mpiru. Kumusiya m'manja mwa mnzake wa zaka zisanu ndi ziwiri si kumulera. Sukulu za mkombaphala za m'midzi, zimene zimasunga ana m'mawa pamene makolo ali kudimba, ndi chitetezo chenicheni ndipo zikufunika thandizo la mudzi. Munthu wodwala matenda akugwa asapite yekha kukasamba, kukatunga kapena kukawedza, ndipo achibale amuperekeze popanda kumuchititsa manyazi. Aphunzitsi apatule nthawi sukulu isanatseke kuti aonetse ana kagonedwe kachagada ndi kaponyedwe ka chigubu, ngakhale pabwalo pouma. Bungwe la Malawi Red Cross limaphunzitsa chithandizo choyamba, ndipo komiti itha kupempha kudzera ku khonsolo kuti anthu angapo a pa damu lililonse aphunzitsidwe.

Pa Bua ndi pa madamu ena palinso ng'ona ndi mvuu. Madzi akaphwera m'chilimwe nyamazi zimasonkhana m'maiwe akuya, momwemonso asodzi amafuna kutchera. Pamene zaoneka, uthenga upite msanga kwa a nthambi ya zanyama zakutchire, ndipo bwato lisayandikire pamene pali mvuu ya mwana.

Munthu akamira, pamudzi pamamveka zonena zambiri: kuti dziwelo lili ndi eni ake, kuti wina anamutchera, kuti linali tsiku lake. Chisoni chimafuna chifukwa, ndipo palibe woyenera kunyoza olira. Koma pambali pa mafunso amenewo pafunsidwenso ena amene ali ndi mayankho ogwirika. Kodi anali yekha? Kodi anali atamwa? M'bwato munali anthu angati? Chingwe chinali pafupi? Alipo amene ankadziwa kumuuzira mpweya? Mudzi umene umafunsa mafunso amenewa pa maliro oyamba nthawi zambiri sukumba manda achiwiri.

Chitukuko chimayezedwa ndi misewu, milatho, midadada ya sukulu ndi mabelo a fodya ogulitsidwa ku Chinkhoma. Koma mnyamata amene wamira pa damu mu Julayi sadzalima nawo mu Novembala, ndipo ana ake sadzakhala m'kalasi imene khonsolo yamanga. Madamu ndi mitsinje ndi chuma cha boma lino, ndipo ulimi wothirira ukamakula madzi osungidwa adzachulukanso. Aliyense amene akumanga damu aganizirenso za mtengo wopachikapo chigubu. Mutu umodzi susenza denga: mfumu ilengeze, khansala atengere nkhaniyi ku khonsolo, komiti ilembe malo, mphunzitsi aonetse ana, mwini bwato awerenge okwera. Pofika pa 25 Julayi, pa damu lililonse la m'wodi muno pakhale chigubu, chingwe ndi nsungwi.